Mthunzi ndi wa yani? Mlendo, dzuwa ndi chipwirikiti cha Lusaka m'zolembedwa

Pali chiganizo chimodzi chimene sichisowa mlendo akamalemba za mzinda waukulu wa m'dziko lotentha. Amati kunali kutentha koopsa, fumbi, phokoso, anthu piringupiringu, magalimoto osatsata lamulo, ndipo mtima unakhala pansi pokhapokha atalowa m'chipinda chozizira cha pa loji. Chiganizochi mudzachipeza m'mabuku otsogolera alendo, m'mavidiyo a pa YouTube, ngakhale m'mabuku a olemba otchuka. Fufutani dzina la Lusaka, lembanipo Lagos, Dar es Salaam kapena Mumbai, mudzaona kuti palibe liwu lina lofunika kusintha. Apa ndiye pagona vuto. Ngati mawu akukwanira mzinda uliwonse, ndiye kuti wolembayo sanauyang'ane mzinda umene anafikamo.

Zikanakhala za alendo okha sindikanataya nazo nthawi, pakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma ine ndimaphunzitsa chinenero pa sukulu ina ku Kabulonga, ndipo ana anga ambiri amabwera wapansi kuchokera ku Mtendere ndi ku Kalingalinga, ena pa basi kuchokera ku Kabwata ndi ku Chelstone. Ndikawapatsa chimangirizo chofotokoza ulendo wa mu tauni, chiganizo cha mlendo chija chimabwerera kwa ine m'makope makumi anayi. Mwana amene amayi ake amagulitsa tomato pa Soweto amalemba kuti pa Soweto m'posokonekera, ngati kuti watsika ndege dzulo. Sakunama mwadala ayi. Wangophunzira kuti nkhani ikalembedwa papepala imayenera kuona ndi maso a munthu wodutsa.

Mfundo yanga m'nkhani ino ndi imodzi. Kutentha ndi chipwirikiti cha mzinda sizigwa kuchokera kumwamba mofanana pa aliyense. Zili ndi mbiri, zili ndi eni, zili ndi malire amene mungawaloze ndi chala. Choncho buku lililonse lokamba za mlendo mu mzinda wotentha ndimaliyesa ndi mafunso awiri. Kodi wolemba wafunsa kuti mthunzi uli ndi yani? Kodi wayesa kuwerenga dongosolo lobisika m'kati mwa chimene akuchitcha chisokonezo?

Dzuwa ndi limodzi, mthunzi ndi wosiyana

Tiyambe ndi dzuwa lenilenilo. Lusaka anamangidwa pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pamlingo wa nyanja. N'chifukwa chake mu Juni ndi Julaye timagona ndi mabulangete awiri, ndipo ngakhale mu Okutobala, mwezi wotentha kuposa yonse, masana amangopitirira pang'ono madigiri 30. Munthu wa ku Chirundu kapena wa m'chigwa cha Luangwa, kumene madigiri 40 si nkhani, akafika kuno amati wabwera kudzapuma. Tsono mlendo akalemba kuti mu Lusaka mumapsa chaka chonse, dziwani kuti walemba za mzinda umene anaubweretsa m'mutu mwake.

Izi sizikutanthauza kuti Okutobala ndi wamasewera. Kumapeto kwa mweziwu ndi kuyamba kwa Novembala dzuwa la masana limaima paliwombo penipeni, chithunzithunzi cha munthu n'kubisala kumapazi. Phula ndi simenti zimasunga kutenthako n'kumakutulutsa usiku. Nyumba ya malata yopanda siling'i imasanduka uvuni. Ndi nyengo yomweyi imene ana a Giredi 12 amalemba mayeso, ena atagona m'chipinda chimodzi ndi abale asanu, mbaula ili pakona.

Koma yendani mumsewu wa m'kati mwa Kabulonga masana omwewo. Mitengo ya jakaranda ndi mango yakumana pamwamba, kapinga ndi wobiriwira chifukwa kuseri kwa mpanda kuli chitsime chokumba ndi makina, ndipo mphepo yake ndi ina. Mtengo umatchinga dzuwa, komanso masamba ake amatulutsa chinyezi chimene chimaziziritsa mpweya. Mukayenda mphindi zochepa kulowa mu Mtendere, mitengo imachepa, nyumba zimathithikana, fumbi limayamba. Dzuwa silinasinthe. Chasintha ndi malo amene munthu waima.

Kusiyanaku sikunangochitika. Pamene atsamunda anafuna kuchotsa likulu ku Livingstone, anaitana Pulofesa Stanley Adshead, amene mu 1931 anajambula mzinda wa misewu yotakata ndi minda ya maluwa. Likulu linasamukira kuno mu 1935. Mzinda wa mindawo unali wa azungu. Munthu wakuda ankawerengedwa ngati wantchito wodutsa, amene adzabwerera kumudzi ntchito ikatha. Ku Kabwata anamangira amuna ogwira ntchito tinyumba tozungulira ta udzu, ndipo tochepa timene tinapulumuka pamene tinzake tinagwetsedwa m'zaka za m'ma 1970 ndi timene lero timatchedwa Kabwata Cultural Village. Sukulu za Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls poyamba zinali Gilbert Rennie ndi Jean Rennie, za ana a azungu. Onani tsono pamene nkhani ya mlendo yatembenukira: m'pulani ya mzinda uno, mlendo anali ife. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu opitirira 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka, ndipo oposa theka amakhala m'makomboni amene pulani ija sinawaganizire.

Wolemba amene sadziwa izi amalemba za kutentha ngati za nyengo basi. Wodziwa amalemba za kutentha ngati za malo, ndalama ndi mbiri.

Mlendo wotopa

Chitsanzo chomveka cha mlendo wa mtundu woyamba ndi a Paul Theroux, mlembi wa ku America amene anaphunzitsapo ku Malawi kuyambira mu 1963. Si munthu wosadziwa Africa, ndipo cholembera chawo n'chakuthwa. M'buku lawo la mu 2013, The Last Train to Zona Verde, amayenda kuchokera ku Cape Town kudzera ku Namibia mpaka ku Angola, ndipo kumeneko amauthetsa ulendo. Chifukwa chimene amapereka n'chakuti mizinda ya kutsogolo idzangokhala yofanana ndi imene aiona kale, yodzaza, yauve, yopanda chatsopano chowaphunzitsa.

Ndimawalemekeza pa chinthu chimodzi: sabisa kutopa kwawo. Kutentha kumatopetsadi, khamu la anthu limalemetsadi mutu, ndipo wolemba wonamizira kuti zonse zinali zokoma ndi woipa kuposa wodandaula. Koma pali kusiyana pakati pa kunena kuti ndatopa ndi kunena kuti kuno kulibe choona. Choyamba ndi umboni wa thupi la munthu mmodzi. Chachiwiri ndi chigamulo pa miyoyo ya anthu mamiliyoni. Kwa olemba a mtundu uwu Africa weniweni ali kutchire ndi kumudzi, ndipo mzinda ndi Africa wowonongeka. Nanga ife obadwira ku Chilenje ndi ku Matero ndife a kuti? Akulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti wobwera amatha kuona chimene eni mudzi anachizolowera. Koma kalumo kamameta pokhapokha mwini wake akayandikira mutu.

Nasula pa Kamwala

Mlendo wa mtundu wachiwiri tili naye m'buku la kwathu konkuno, A Cowrie of Hope, la a Binwell Sinyangwe, lotuluka mu 2000. Nasula ndi mayi wamasiye wa kumudzi kumpoto kwa dziko lino, m'zaka zovuta za m'ma 1990. Akufuna ndalama zoti mwana wake Sula apitirize sukulu. Chuma chake chonse ndi thumba limodzi la nyemba za ku Mbala, ndipo mothandizidwa ndi mnzake Nalukwi akubwera nalo ku Lusaka, pamsika wa Kamwala. Kumeneko munthu wovala bwino, Gode Silavwe, akutenga thumbalo osalipira. Mbali yotsala ya bukuli ndi ya mayi akusakasaka wakuba mu mzinda wosamudziwa.

Chimene a Sinyangwe anachita bwino n'chakuti mzinda timaumva kudzera m'thupi la munthu wopanda kothawira. Mlendo wa pa loji akatopa amaitana takisi. Nasula akatopa amapitiriza kuyenda. Njala, litsiro, mapazi otupa ndi manyazi ofunsa njira kwa anthu othamanga, zonsezi sizikongoletsa nkhani, ndizo nkhaniyo. Ndipo chifukwa alibe pobisala, amakakamizika kuuphunzira mzinda: ndani amadziwa ndani, ndani akuopa kutchula dzina la wakubayo, khomo liti la ku polisi limatseguka ndi liti limatsekedwa ndi ndalama. Chipwirikiti chimene chinam'meza tsiku loyamba chimayamba kuonetsa misoko yake. Pamenepa bukuli lapambana funso langa lachiwiri.

Komabe sindingaliyamikire lonse. Pansi pake pali chiphunzitso chakale chimene mabuku athu ambiri, a Chinyanja ndi a Chingerezi omwe, akhala akuchibwereza: kumudzi kuli umunthu, mu tauni muli mimbulu. Anthu a mu mzinda m'bukuli amaonekera makamaka monga akuba, oopa akuba kapena achifundo odutsa. Sitikhala nawo nthawi yokwanira kuti tione kuti kwa iwo Kamwala ndi kwawo, ndi munda wawo. Mathero nawonso amandisiya ndi funso. Nasula amapeza chilungamo chifukwa wakumana ndi mkulu wa polisi woongoka mtima, wapansi wake atalandira kale chiphuphu. Kulimba mtima n'kwake, koma chipulumutso chadalira mwayi wopeza munthu mmodzi wabwino pampando woyenera. Wowerenga wa ku komboni amadziwa kuti a Nasula ambiri amakwera basi yobwerera kwawo chimanjamanja.

Mlendo wosaona ndi udzudzu

Buku limene linafunsa funso langa loyamba mozama ndi The Old Drift la a Namwali Serpell, amene anabadwira mu Lusaka mu 1980. Linatuluka mu 2019, ndipo mu 2020 linalandira mphoto ya Arthur C. Clarke. Limatsata mabanja atatu kwa zaka zoposa zana, kuchokera pa kamudzi ka azungu oyamba m'mbali mwa Zambezi mpaka ku Lusaka wa m'tsogolo.

M'bukuli muli alendo ambiri, koma amene amandigwira mtima ndi Agnes, mtsikana wa ku England amene anachita khungu, n'kukwatiwa ndi Ronald, mnyamata wa kuno, ndi kubwera naye. Taganizani nzeru ya wolemba pamenepa. Mlendo wachizungu wafika mu Africa, koma chida chimene alendo amaweruzira nacho mofulumira, maso, wachilandidwa. Sangaime patali n'kunena kuti uko n'kwauve. Ayenera kumvetsera, kununkhiza, kugwira, ndiponso kudalira wantchito wake Grace. Kudalirako kumaulula chinthu chimene nkhani za alendo zimabisa, chakuti mtendere wa kumayadi umanyamulidwa pamsana ndi anthu ochokera kukomboni. Katswiri wina wa chikhalidwe cha anthu, a Karen Tranberg Hansen, anathera zaka zambiri akufufuza za moyo wa mu Mtendere ndi za antchito a m'nyumba mu Zambia, ndipo aliyense woima pamsewu wa Kabulonga mbandakucha amaona zomwezo ndi maso: mzere wa amayi ndi abambo akulowa wapansi kukatsegula mageti, kuthirira kapinga ndi kusesa pansi pa mitengo imene kwawo kulibe.

A Serpell sanaike Kalingalinga kumbuyo kwa chithunzi. Ndi kumene amakhala Matha Mwamba, amene ali mtsikana anali m'gulu la a Edward Mukuka Nkoloso lofuna kupita kumwezi. Ndi kumene mwana wake Sylvia ali ndi saluni, ndi kumene mdzukulu wake Jacob amatola zidutswa za zipangizo zotayidwa n'kumapanga tinthu touluka. Pamene mlendo akanaona dzala, bukuli limaona malo opangira zinthu. Ndipo amene amalumikiza mitu ya nkhani ndi gulu la udzudzu, tizilombo ta nyengo yotentha timene sitidziwa geti kapena mpanda. Ndi nthabwala yakuthwa: mawu oyang'anira mbiri ya dziko apatsidwa kwa chinthu chimene mlendo aliyense amachiopa kuposa zonse.

Dandaulo langa pa bukuli lili pawiri. Nthawi zina nzeru za udzudzu zimachuluka mpaka anthu a pansi amaoneka ang'onoang'ono, ngati zidole m'manja mwa wolemba wochenjera kwambiri. Chachiwiri n'chakuti ndi buku la masamba oposa 500, la Chingerezi cholemera, ndipo mtengo wake si wa mwana wa sukulu. Kalingalinga ali m'bukuli, koma bukuli silinafike mokwanira ku Kalingalinga. Limeneli si tchimo la wolemba yekha, ndi la tonse amene timasindikiza, kugulitsa ndi kuphunzitsa mabuku.

Chipwirikiti chili ndi malamulo ake

Tsopano tisiye mabuku pang'ono, tiyang'ane chimene mabukuwo amayesa kujambula. Imani pa Kulima Tower kapena pa City Market masana. Kwa wobwera kumene, ndi phokoso lokhalokha. Koma njira iliyonse ili ndi mzere wake, basi ya kutsogolo ndiyo imadzaza poyamba, ndipo siinyamuka mpaka mpando uliwonse utakhala anayianayi. Ngwangwazi amene akukuwa dzina la komboni sakupenga, akugwira ntchito, ndipo amalipidwa basi ikadzaza. Kondakita akati, "Amayi, fendelani pang'ono," kapena akafunsa ngati pali oseluka, aliyense amadziwa choyankha. Amasunga m'mutu chenji ya anthu khumi popanda cholembera. Pa Soweto malole a ndiwo ndi tomato amafika usiku, amayi amaoda kusanache, anyamata a mawilibala amene timawatcha a Zamcab amanyamula katundu mpaka pa basi, ndipo pofika nthawi imene wa kumayadi akumwa tiyi, tomato uja ali kale pa kantemba ku Chelstone. Chinthu chimene chimadyetsa anthu mamiliyoni awiri tsiku lililonse sichingakhale chisokonezo chabe.

Momwemonso ndi kutentha. Anthu a mu mzinda uno ali ndi nzeru zawo zimene sizinalembedwe m'buku la alendo. Za mu tauni amazichita m'mawa, 10 koloko isanakwane. Amayenda mbali ya msewu imene kuli makhonde a masitolo. Chitenge chimodzi chimakhala chipewa, mthunzi wa mwana kumsana ndi chopukutira thukuta. Ambulera ya mvula imagwira ntchito mu Okutobala kuposa mu Januwale. Munkoyo ndi maheu zimapha ludzu ndi njala nthawi imodzi. Madzulo anthu amakhala panja mpaka malata atazizira. Ndipo amayi a pamsika amadziwa kuti munthu akayamba chizungulire, mutu ndi nseru padzuwa, ayenera kukhazikidwa pamthunzi, kumasulidwa zovala ndi kupatsidwa madzi pang'onopang'ono, ndipo akayamba kusokonezeka kapena kukomoka, n'kuthamangira naye kuchipatala. Mlendo wanzeru amaonera eni malo n'kuchita chimodzimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musandimve molakwa. Sindikuti zonse zili bwino, ndipo wolemba amene amasandutsa umphawi kukhala maluwa ndi mnzake wa mlendo wodandaula uja, onse awiri sanayang'anitsitse. Chisokonezo chenicheni chilipo, ndipo chimapha. City Market inapsa mu Julaye 2017, katundu wa anthu ambirimbiri n'kusanduka phulusa. Kolera ya 2017 mpaka 2018 inachititsa kuti asilikali achotse ogulitsa m'misewu. Inabweranso mu Okutobala 2023, ndipo pofika Januwale 2024 bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko lonse. Ku Kanyama madzi amasefukira chaka ndi chaka chifukwa pansi pake pali mwala wa laimu ndipo madzi a pansi ali pafupi, kotero zimbudzi zokumba ndi zitsime zosaya zimakumana. Chilichonse mwa izi chili ndi chifukwa chimene munthu angachitchule. Kuzitcha zonse pamodzi kuti chipwirikiti cha mu Africa ndiko kumasula amene anayenera kuyankha.

Chaka cha 2024 chinaonetsa poyera kuti mthunzi ndi wa yani. Chilala chinalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo pofika Seputembala magetsi ankazima maola 17 kapena kuposerapo pa tsiku. Kumayadi kunamveka majenereta, pamadenga panadzaza masola. Kukomboni fani inaima, filiji inaima, ogulitsa madzi ozizira ndi maaisi buloko anataya malonda, ndipo owotcherera zitsulo a m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ankadikira magetsi pakati pa usiku. Dzuwa la chaka chimenecho linali limodzi, koma linalipiritsa anthu mitengo yosiyana. Onjezani nkhani ya nkhalango ya Forest 27 kum'mawa kwa mzinda, imene mbali zake zinayamba kuchotsedwa pa chitetezo mu 2017 ngakhale kuti imathandiza kusunga madzi a pansi, mudzaona kuti mthunzi ndi nkhani ya ndale. Mizinda ina yayamba kuvomereza zimenezi. Mu 2021 mzinda wa Freetown ku Sierra Leone unasankha a Eugenia Kargbo kukhala mkulu woyang'anira za kutentha, woyamba mu Africa, ndipo imodzi mwa ntchito zawo zoyamba inali kuika zotchinga dzuwa pamwamba pa amayi a m'misika. Wina anafunsa kuti ndani amaima padzuwa tsiku lonse, n'kupeza yankho. Limenelo ndi funso la wolemba nkhaninso.

Mawu tili nawo

Mwaona kuti mabuku onse amene ndatchula ndi a Chingerezi. Ichi chokha chiyenera kutisowetsa tulo. Mzinda umene umagula, kukangana, kufunsirana ndi kulira m'Chinyanja umalembedwa kawirikawiri m'chinenero china, ndipo mwina n'chifukwa chake maso a mlendo amalowa mosavuta m'zolemba zathu. Chinenero chimabwera ndi zizolowezi zake za kaonedwe.

Chikhalirecho chathu chili ndi zida zimene chiganizo cha mlendo chilibe. Iye ali ndi liwu limodzi lakuti kukutentha. Ife timati dzuwa likuswa mtengo. Timati thukuta kamukamu, miyendo mbuu. Mu Lusaka timangoti kwapya, ndipo aliyense m'basi amavomera. Tili ndi nyenje zimene zimalira mpaka m'makutu kuwawa, kamvuluvulu wonyamula mapepala pabwalo la mpira, ndi chizimalupsa, mvula yoyamba imene fungo lake limatulutsa ana m'nyumba. Mawu amenewa sanena za kutentha kwa paliponse. Amanena za mwezi wakutiwakuti, pamalo akutiakuti.

Amene anatisonyeza mphamvu ya zida zimenezi ndi a Julius Chongo, amene nthano zawo za Poceza M'madzulo zinkamveka pa wailesi ya dziko lino m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo pambuyo pake a Ernst Wendland anazisonkhanitsa ndi kuzifufuza. Munthu mmodzi pa maikolofoni ankasintha mawu kukhala nkhalamba, mwana, mfumu ndi chigawenga, ndipo mivekero yawo inkachititsa womvera kuona chinthu chimene sichinali pamaso pake. Ngakhale dzina la buku lawo, Fumbi Khoboo!, ndi phunziro palokha: mawu awiri okha, koma maso ayamba kale kuyabwa. Sindikuti tiwatsanzire. Lusaka wa lero, wa mabuthu a ndalama za pa foni ndi misewu yodutsa pamwamba ku Makeni ndi ku Munali, akufuna makutu atsopano, ndipo Chinyanja cha mu tauni, chosakanizika ndi Chibemba, Chinsenga ndi Chingerezi, chili ndi ufulu wolowa m'buku monga momwe chimalankhulidwira. Chimene tingatenge kwa iwo ndi chikhulupiriro chakuti chinenero chathu chimakwanira.

Nkhani ya mlendo mu mzinda siinathe ntchito, ndipo ndikufuna kuiwerenga kuchokera kwa inu. Alendo enieni a Lusaka satsikira pa bwalo la ndege okha. Ambiri amatsikira pa Intercity, mumsewu wa Dedan Kimathi, kuchokera ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, atanyamula thumba la nshawa ndi nambala ya foni ya amalume imene siikupezeka. Lembani za msuweni wotereyu. Koma musamusiye akungodabwa ndi kutalika kwa Findeco House. Muuzeni wowerenga kuti ndani anam'patsa madzi, anawagula zingati, anakhala pansi pa mtengo wa yani, ndipo mlonda wa pa geti anamulankhula chiyani. Lembaninso za mlendo winayo, mtsikana wa ku Bauleni amene walowa koyamba m'nyumba ya ku Woodlands kukayamba ntchito, n'kumva kuzizira kwa m'chipinda chochezera pakhungu lake. Iyenso wafika m'dziko lachilendo, ngakhale sanakwere basi.

Polemba, dzifunseni mafunso awiri aja. M'chithunzi chimene ndajambula, ndani ali pamthunzi, ndipo anaupeza bwanji? Chimene ndachitcha chisokonezo, ndani amachidziwa ngati chikhatho chake? Mukawayankha moona, chiganizo chanu sichidzakwanira Lagos kapena Mumbai. Chidzakhala cha msewu umodzi, mwezi umodzi ndi munthu mmodzi, ndipo wowerenga wa ku Kabwata adzazindikira pakona pamene mwaima.